Rediyeta ya aluminiyamu ikamadontha: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene eni galimoto komanso ophunzira umakaniko amafunsa kawirikawiri rediyeta ikayamba kutaya madzi. Ayambira pa osavuta n'kumalowa m'zakuya. Ngati mukuwerenga muli m'mbali mwa msewu, boneti ikufuka nthunzi, yambani ndi funso la chitsekero ndi lija la kudontha panjira. Enawo muwerenga injini ikazizira.

Ikungodontha pang'ono. Kodi sindingamangowonjezera madzi n'kumayenda?

Ambiri amatero, ndipo kwa masiku angapo zimaoneka ngati zili bwino. Koma rediyeta si ndowa yongosungira madzi. Madzi a mu injini amayenda ali otsekeredwa, pa puresha. Mukayang'ana pa chitsekero, chimene ambiri timangoti kapu, mupeza nambala monga 0.9 kapena 1.1. Imeneyo ndi puresha imene chitsekerocho chimasunga, poyeza m'ma bar. Madzi okhaokha amawira pa madigiri 100. Akasakanizidwa theka ndi theka ndi kulanti, mankhwala othira m'madzi oziziritsa injini, amawira cha pa 107, ndipo akakhala pa puresha ya bar imodzi amapitirira madigiri 120 asanawire. Injini zambiri zimagwira ntchito pakati pa madigiri 90 ndi 105, ndiye mukuona kuti popanda puresha mpata wake ndi wochepa kwambiri.

Kabowo sikataya madzi okha, kamathawitsanso puresha. Tsiku limene mudzakwere chitunda mutanyamula katundu, madzi adzawira mkati mwa injini, ndipo nthunzi siziziritsa chitsulo. Silinda hedi, chivundikiro cha pamwamba pa injini, ya galimoto zambiri za masiku ano ndi ya aluminiyamu, ikatenthedwa mopitirira imapindika. Ntchito ya kabowo kamodzi imasanduka yomasula injini.

Komanso nthawi iliyonse imene mukuthira madzi okhaokha mukusungunula mankhwala a mu kulanti amene amateteza aluminiyamu kuti asadyeke. Mukutsegulira njira mabowo ena.

Ndingadziwe bwanji kuti yanga ndi ya aluminiyamu?

Yang'anani mbali yapakati, yooneka ngati chisa cha njuchi ija. Muli timapaipi tathyathyathya, ndipo pakati pa timapaipito pali timalata topyapyala topindapinda. Palani pang'ono pakona ndi mpeni. Pakaoneka motuwa mowala, ndi aluminiyamu. Pakaoneka mofiirira kapena mwachikasu, ndi ya mkuwa, monga zinkakhalira galimoto zakale, ndipo imeneyo imakonzedwa ndi mtovu mosavuta.

Za aluminiyamu zilipo mitundu iwiri. Zochuluka zimene galimoto zimabwera nazo kuchokera ku fakitale zili ndi chisa cha aluminiyamu koma matanki ake, apamwamba ndi apansi kapena a m'mbali, ndi a pulasitiki yakuda. Thankiyo imakhala pa gasiketi ya labala, ndipo imagwidwa ndi timano ta aluminiyamu topindidwa kuzungulira m'mphepete. Mtundu wachiwiri ndi wa aluminiyamu yense, matanki ake owotcherera. Dziwani mtundu wanu musanagule chilichonse, chifukwa kakonzedwe kake n'kosiyana.

Ndapeza madzi pansi pa galimoto. Ndiye kuti ndi rediyeta?

Osati nthawi zonse. Madzi oyera opanda fungo, odontha cha kumene kumakhala miyendo ya wokwera kutsogolo mutayatsa AC, si vuto ayi. Kulanti amakhala ndi mtundu, wobiriwira, wofiira, wapinki, wabuluu kapena wachikasu, amaterera mukamugwira ndi zala, ndipo amanunkhira motsekemera.

Ngakhale atakhala kulanti, akhoza kuchokera pa paipi ya labala, pa kilampu yomasuka, pa wota pampu, pamene pamakhala themositati (kavalavu kotsegulira madzi njira ya ku rediyeta injini ikatentha), pa kathanki kowonjezerera kapena pa chitsekero chotopa. Fani ikamazungulira imamwaza madontho ponseponse, ndipo madzi amatsata chitsulo n'kukagwera kutali ndi kumene achokera. Ndaonapo rediyeta zabwinobwino zikutayidwa pamene wolakwa anali kilampu yofunika kungoimanga.

Kodi ndingatsegule chitsekero injini ili yotentha?

Ayi. Madzi a mkatimo akhoza kukhala opitirira madigiri 100, akungoletsedwa kuwira ndi puresha. Mukatsegula amawira nthawi yomweyo n'kuthuvuka kumaso ndi m'manja. Dikirani mpaka paipi yaikulu ya pamwamba izizire ndipo izifinyika mukaipana ndi dzanja. Ikakhala yolimba ngati tayala, puresha ikadalimo. Potsegula phimbani chitsekero ndi chinsanza chokhuthala, potozani pang'ono kaye kuti mpweya uphwe, nkhope ili kumbali.

Dziwaninso kuti fani ya magetsi pa galimoto zina imayaka yokha ngakhale mwazimitsa injini. Musanalowetse dzanja pafupi nayo, chotsani waya wa negetivi pa batire.

Ndipeza bwanji malo enieni pamene pakudonthapo?

Apa ndi pofunika kudekha, chifukwa chigamba chabwino chomatidwa pambali pa bowo n'chimodzimodzi ndi kusamata.

Yambani injini itazizira, tochi ili m'manja. Kulanti akauma amasiya kanjira koyera kapena kamtundu wake, konga mchere wouma. Tsatani kanjirako chokwera mpaka pamene kayambira. Yang'anitsitsani m'makona anayi a chisa, pamene timapaipi timalowa mu pleti (lata logwira nsonga za timapaipi, pamene pamakhala thanki), m'mphepete mwa timano, ndi pakhosi polumikizira paipi ya pamwamba.

Njira yodalirika ndi pampu yoyezera puresha. Imavalidwa pamalo pa chitsekero, n'kupopa mpaka geji ifike pa nambala yolembedwa pa chitsekero chanu, osapitirira. Muvi ukamatsika, penapake pakutuluka, ndipo kawirikawiri mumaona dontho likutuphuka pamalo amodzi. Pa timabowo tobisika pali utoto wothira mu kulanti umene umawala mukaunika ndi tochi ya UV.

Ngati rediyeta mwaichotsa, tsekani makomo ake ndi zitsekero za labala, popereni mpweya pang'ono ndi pampu ya njinga, n'kuimiza m'madzi monga timachitira ndi chubu. Thovu likuonetsani. Musailumikize ku kompuresa mwachindunji, mufufumitsa timapaipi n'kung'amba thanki. Mukapeza malowo, zungulizani ndi cholembera, ndipo pitirizani kufufuza. Bowo loyamba kulipeza nthawi zambiri silikhala lokha.

Pochotsa rediyeta samalani ndi chinzake chimene chili kutsogolo kwake. Chimenecho ndi cha AC, ndipo mapaipi ake ali ndi gasi wa puresha yaikulu. Musawamasule.

Ndi zowonongeka ziti zokonzeka, ndipo ndi ziti zofunika kungogula ina?

Kabowo kobooledwa ndi mwala kapena sikuludiraiva pa kapaipi kamodzi kamakonzeka bwino, chifukwa aluminiyamu wozungulira malowo ndi wamoyo. Mng'alu pa thanki ya aluminiyamu kapena pakhosi pake umawotchereka. Kudontha kwa pamene kapaipi kalowa mu pleti kumatheka kumata, ngakhale kuti malo ake ndi ovuta kutsuka.

Zosakonzeka ndi izi: timabowo tambirimbiri tobwera chifukwa aluminiyamu wadyeka kuchokera mkati, timalata tongonyenyeka mukatikhudza, timapaipi tofufuma, chisa chopindika pa ngozi, ndi thanki ya pulasitiki yofwifwa yomwe yayamba kuthetheka. Pamenepo mukatseka apa mawa patseguka apo. Ine ndikapeza timabowo todyeka topitirira tiwiri m'malo osiyana, sindilimbana nayo.

N'chifukwa chiyani mtovu umene umagwira pa rediyeta ya mkuwa sugwira pa aluminiyamu?

Aluminiyamu akangokumana ndi mpweya amamera kakhungu kosaoneka ndi maso. Mukakapala kamabwereranso pompo. Kakhungu kameneka ndi kamene kamamuteteza kuti asachite dzimbiri ngati chitsulo wamba, koma ndi komwenso kamakaniza mtovu. Mtovu umangogubuduka pamwamba ngati dontho la madzi pa tsamba.

Chovutitsa china n'chakuti aluminiyamu weniweniyo amasungunuka pa madigiri 660, pamene kakhungu kake kamafuna madigiri oposa 2000. Ndiye mukati muwonjezere moto kuti kakhungu kachoke, cham'kati chasungunuka kale. Komanso aluminiyamu sachenjeza. Chitsulo chikatentha chimafiira, koma iye amakhala wotuwa chomwecho mpaka mphindi imene akugwa. Khoma la kapaipi ka rediyeta silikwana ndi theka la milimita lomwe.

Tsiku loyamba kuyesa ndi moto, ndinali kudikira kuti ndione kapaipi kakusintha mtundu. Ndinangoona pamwamba pachita makwinya pang'ono, kenako pamene panali kabowo konga ka singano panatsala chibowo cholowa nsonga ya chala, ndi kapaipi koyandikana nako katapita. Kuyambira pamenepo aliyense wophunzira ndimayamba ndamupatsa rediyeta yakufa kuti ayesere.

Kodi guluu wa epoxy amagwiradi? Ndimate bwanji?

Amagwira, ndipo kwa munthu wopanda zida zowotcherera ndiye njira yabwino pa kabowo ka pa kapaipi kapena pamene kapaipi kakumana ndi pleti. Ndikunena epoxy wa machubu awiri osakaniza, wolembedwa kuti ndi wa zitsulo ndipo amapirira kutentha. Sankhani wochedwa kuuma. Wa mphindi 5 uja nthawi zambiri amafewa msanga akatenthedwa. Silikoni ndi supa guluu zisiyeni, sizilimba pa puresha.

Ntchito yeniyeni si kumata koma kutsuka. Khuthulani kulanti yense, ndipo ngati n'kotheka chotsani rediyeta muigoneke, bowo lili m'mwamba. Tsukani mkati ndi madzi kuti kulanti asamabwerere pabowo, chifukwa kulanti amaterera ndipo guluu sakakamira pamene iye wadutsa. Umitsani bwinobwino, padzuwa kapena ndi mpweya wotentha. Kadontho kamodzi kotsalira mkati mwa kapaipi kakhoza kutulukira pansi pa guluu asanaume.

Chotsani timalata tozungulira bowolo ndi pulayala yosongoka, pafupifupi sentimita imodzi kapena awiri mbali zonse, kuti kapaipi kaonekere. Zulani mofatsa, chifukwa timalatato n'tolumikizika ku kapaipi ndipo mukakoka mwamphamvu mung'amba pena. Kenako kwechani ndi sandipepa kapena kabulashi ka waya wa stainless steel mpaka pawale ndi kukhakhala. Bulashi ikhale yatsopano, yosakhudzapo chitsulo china. Bulashi ya chitsulo wamba kapena ya mkuwa imasiya tizidutswa timene timadzayambitsa kudyeka pamalo pomwepo. Pukutani ndi acetone, mankhwala ochotsa mafuta, pa kansalu koyera, bwerezani mpaka kansalu kasiye kuda, ndipo musakhudzenso ndi chala.

Sakanizani guluu mofanana monga zalembedwera, mpaka mtundu ukhale umodzi wopanda mizere. Matani musanachedwe. Kanikizirani woyamba m'bowo momwemo ndi kamtengo, kenako kutani kapaipi konse, kutsogolo, m'mbali, ngakhale kumbuyo ngati mukufikako, kuti chigamba chikumbatire kapaipi m'malo mongokhala pamwamba. Ena amatseka makomo onse n'kuyamwa mpweya pang'ono pakhomo limodzi ndi makina oyamwira fumbi kuti guluu alowe mu mng'alu. Zimathandiza, bola kwa kamphindi chabe, kuopa kuti guluu yense angalowe mkati n'kutseka njira.

Tsopano isiyeni. Epoxy wochedwa amafuna maola 15 mpaka 24, ndipo kukazizira amachedwerapo. Kuuma pamwamba si kukhwima. Akakhwima yezaninso ndi puresha musanaibwezere pa galimoto.

Ndinamata koma patatha masiku ochepa chigamba chinamatuka. Ndinalakwitsa pati?

Tembenuzani chigambacho muone kunsi kwake. Kukakhala kosalala ndi konyezimira, ndiye kuti simunakweche mokwanira kapena panali mafuta. Kukakhala konyowa kapena kwa mtundu wa kulanti, mkati simunaume. Chikakhala chofewa ngati labala, kasakanizidwe kanalakwika kapena munathira madzi msanga. Chikakhala kuti chikadali chogwira koma madzi akutulukira m'mphepete mwake, mng'alu unali wautali kuposa mmene munaonera, kapena pali chimene chikukweza puresha. Onani funso la kudontha kobwerezabwereza.

Pobwereza chotsani guluu wakale yense. Kumata pamwamba pa chigamba cholephera n'kutaya guluu.

Nanga timawaya towotcherera aluminiyamu ndi moto wa gasi? Kapena ndipite kwa owotcherera?

Pali timawaya tosakaniza zinc ndi aluminiyamu timene timasungunuka cha pa madigiri 380 mpaka 400, kutali ndithu ndi 660. Tikagwiritsidwa ntchito bwino timalimba kuposa guluu. Lamulo lake ndi limodzi: lawi lisasungunule kawaya, kawaya kasungunuke chifukwa cha kutentha kwa aluminiyamuyo. Mumatenthetsa malowo lawi likuyendayenda, mumalichotsa, n'kukhudzitsa kawaya. Kakapanda kusungunuka, tenthetsaninso pang'ono. Kakayamba kuyenda, kandani pansi pa dontholo ndi nsonga ya kawaya komweko kapena ka waya wa stainless steel kuti kakhungu kaja kang'ambike pansi pake, pamene mpweya sukufika. Mukasungunulira kawaya palawi, dontho limangokhala pamwamba ndipo limachoka ndi chikhadabo.

Pa thanki yokhuthala zimenezi zimatheka ndithu, ngakhale kuti aluminiyamu amathawitsa kutentha mofulumira, moti pamafunika moto wokwanira. Pa timapaipi ndi ntchito ya dzanja lozolowera. Pafupi ndi thanki ya pulasitiki musayandikizeko moto, mupsereza gasiketi.

Mng'alu wa pa thanki ya aluminiyamu, khosi lothyoka kapena chogwirira chothothoka, pititsani kwa wowotcherera wa makina a TIG amene anazolowera aluminiyamu. Iyeyo amayamba waboola kabowo kumapeto onse a mng'alu kuti usapitirire. Ngakhale iye amasamala pafupi ndi pleti, chifukwa ku fakitale timapaipi timalumikizidwa mu uvuni ndi chosakaniza cha aluminiyamu ndi silicon chimene chimayamba kusungunuka cha pa madigiri 577. Moto ukachuluka malumikizidwe oyandikana amamasuka. Rediyeta zina malo amenewa anamata ndi epoxy, ndipo moto umangomupsereza.

Chenjezo limodzi lisakudutseni. Pamalo poti pafika moto musatsukepo ndi mankhwala otsukira mabuleki okhala ndi chlorine. Akatenthedwa amatulutsa mpweya wa phosgene, umene umawononga mapapo ngakhale utakhala wochepa. Gwiritsani ntchito acetone, dikirani aume, ndipo botolo lake liikeni kutali ndi lawi.

Kapaipi kamodzi kaphwanyika kwambiri moti sikangamatike. Rediyeta yatha?

Ayi. Kapaipiko mukhoza kukapha. Chotsani timalata, dulani kapaipi pamene kawonongeka, tsukani nsonga zonse ziwiri, muzipane ndi pulayala, pindani kawiri ngati mmene timapindira chubu cha mankhwala otsukira mano, n'kumata ndi epoxy. Nsonga zonse ziwiri, chifukwa madzi amakankha kuchokera ku matanki onse.

Rediyeta ili ndi timapaipi makumi angapo, ndiye kutaya kamodzi kapena tiwiri sikusintha zambiri. Mukayamba kupha tambiri, mphamvu yoziziritsa imachepa, ndipo mudzazindikira tsiku lotentha muli pa mzere wa galimoto.

Chodontha ndi thanki ya pulasitiki. Pamenepa nditani?

Siyanitsani kaye. Ngati madzi akutuluka m'mphepete, pamene timano tagwira thanki, vuto ndi gasiketi. Nthawi zina kupana timano pang'onopang'ono ndi pulayala, kamodzi ndi kamodzi, kumaletsa. Musapane mwaukali, mphepete mwa thanki muthetheka. Amisiri a rediyeta amatha kutsegula timano tonse, kuika gasiketi kapena thanki yatsopano n'kupindanso, koma timanoto timathyoka tikapindidwa kangapo.

Ngati pulasitiki yeniyeniyo yang'aluka, ndikuuzeni zoona: zigamba zake sizikhalitsa. Matankiwa amapangidwa ndi nayiloni wosakaniza ndi ulusi wa galasi, ndipo guluu wambiri sakakamira bwino pa nayiloni. Chimene chimagwirako ndi kusungunula: kukumba kangalande motsata mng'alu, n'kusungunulira momwemo kawaya ka nayiloni ndi chitsulo chotentha, nthawi zina n'kumiza kasefa ka waya kuti kalimbitse. Nayiloni ameneyu amasungunuka cha pa madigiri 260. Pulasitiki ya mtundu wina, monga ya chigubu, silumikizana naye.

Koma dzifunseni chifukwa chake yang'aluka. Ngati inagundidwa, chigamba chili ndi mwayi. Ngati yang'aluka yokha pafupi ndi khosi la pamwamba, pamene madzi otentha amafikira, ndipo mtundu wake wasanduka wofiirira, ndiye kuti yakalamba yonse. Chigamba chikufikitseni kogula ina basi.

Mankhwala othira mkati aja oletsa kudontha ndi abwino? Nanga dzira kapena tsabola wogaya?

Mankhwalawo ali ndi tizidutswa timene timayenda ndi madzi n'kukaunjikana pamene pakutuluka. Pa kabowo konga ka singano amaletsadi, mwina kwa nthawi ndithu. Koma sadziwa kusiyanitsa bowo ndi njira yopapatiza. Timapaipi ta rediyeta ya aluminiyamu ndi topapatiza kale, ta hita yotenthetsa mkati mwa galimoto ndiye kwambiri. Ngati mwasankha kuthira, thirani mlingo wolembedwa, kamodzi. Botolo lachiwiri ndi lachitatu ndi limene limatseka hita ndi kumata themositati. Pa mng'alu wa thanki kapena paipi yong'ambika sathandiza n'komwe.

Dzira ndi tsabola zimagwira mwa njira yomweyo, mosadalirika, ndipo zimasiya zonyansa mkati. Sindingakulangizeni pokhapokha mutasowa pogwira kutali ndi thandizo, ndipo mukafika mutsuke njira yonse ya madzi.

Yayamba kudontha ndili panjira. Ndingafike bwanji?

Muvi wa geji ukayamba kukwera, zimitsani AC, tsegulani hita mpaka kumapeto ndi fani yake yomwe. Hita ndi karediyeta kakang'ono, kamachotsako kutentha. Muvi ukayandikira pofiira, imani ndi kuzimitsa. Musati ndingomaliza kamtunda aka. Hita ikayamba kutulutsa mpweya wozizira pamene injini ili yotentha, madzi atsika kwambiri, imani pomwepo.

Dikirani izizire, kenako thirani madzi oyera amene mungapeze, pang'onopang'ono. Musathire madzi ozizira mu injini yotentha kwambiri. Ngati muli ndi epoxy wokanda ndi zala uja, umitsani ndi kupala pabowo n'kumata. Ngati kapaipi kang'ambika, kapaneni ndi pulayala.

Pa chitsekero chokhala ndi poimira pawiri, mukachisiya pa poimira poyamba puresha sikwera ndipo madzi amatuluka pang'onopang'ono. Koma kumbukirani yankho loyamba lija: popanda puresha madzi amawira msanga. Yendani mofatsa, diso pa geji, muziima kawirikawiri. Ngati madzi akutuluka mmene mukuthiramo, funani chokukokani.

Ndakonza. Ndithiremo chiyani, ndipo mpweya ndiuchotse bwanji?

Thirani kulanti wa mtundu umene buku la galimoto yanu likunena. Musadalire mtundu wooneka ndi maso, chifukwa ndi utoto chabe, ndipo makampani awiri akhoza kupaka utoto umodzi pa mankhwala osiyana. Werengani pa botolo. Kulanti wachikale, wotchedwa IAT, amasinthidwa pakatha zaka ngati 2. Wa OAT amafika zaka 5. Kusakaniza mitundu kumafooketsa chitetezo chake. Ngati simukudziwa amene analimo, tsukani yense n'kuyamba mwatsopano.

Wina amabwera wosakaniza kale, wina ndi wofunika kusakaniza theka ndi theka. Sakanizani ndi madzi a distilled, omwe aja timawonjezera m'mabatire, osati asidi wake. Madzi a pampopi ndi a pachitsime ali ndi mchere umene umaundana m'timapaipi ndi kudya aluminiyamu. Anthu ena amati kumalo kotentha kulanti ndi wosafunika poti madzi saundana. Pa rediyeta ya aluminiyamu ntchito yake yaikulu ndi kuletsa kudyeka, ndipo imeneyo imafunika kulikonse.

Pothira, imikani galimoto kutsogolo kutakwera pang'ono, ikani hita potentha, thirani pang'onopang'ono. Ngati injini ili ndi kabawuti kotulutsira mpweya, kamasuleni mpaka patuluke madzi opanda thovu. Lizani injini chitsekero chili chotsegula, muzifinya paipi ya pamwamba. Themositati ikatseguka, paipiyo imatentha mwadzidzidzi ndipo madzi amatsika. Wonjezerani, tsekani, dikirani fani iyake n'kuzima. Mawa lake m'mawa, injini ili yozizira, onaninso mlingo, ndipo teroni kwa masiku angapo. Galimoto zina zili ndi ndondomeko yakeyake yochotsera mpweya, tsatirani buku.

Ndakonza, mwinanso ndagula yatsopano, koma yadonthanso. Chikuchitika n'chiyani?

Ndiye kuti rediyeta ikuvutikira mlandu wa china. Yambani ndi chitsekero. Chikakanika kutsegula pa puresha yake, malo ofooka ndi amene amaphulika. Chikhale cha nambala yoyenera galimoto yanu, osati chilichonse chokwana pakhosi.

Chachiwiri ndi gasiketi ya silinda hedi. Ikapsa, mpweya wa mu silinda umalowa m'madzi n'kukweza puresha. Zizindikiro zake: paipi ya pamwamba kulimba patangopita mphindi zochepa mutaliza injini yozizira, thovu losatha pakhosi pa rediyeta, utsi woyera wonunkhira motsekemera ku ekizozi, kapena oyilo wosanduka ngati mkaka. Amakaniko ali ndi mankhwala abuluu oyezera, amene amasanduka achikasu mpweyawu ukakhalamo. Ngati vuto ndi limeneli, palibe chigamba chimene chingalimbe.

Chachitatu, chimene ambiri sachiganizira, ndi magetsi. Waya wa earth (wobwezera magetsi ku negetivi ya batire) wa injini, wa fani kapena wa chipangizo china chowonjezera ukamasuka kapena kuchita dzimbiri, magetsi amafuna njira ina yobwerera ku batire, ndipo amadutsa mu kulanti. Akamatero amadya aluminiyamu, moti rediyeta yatsopano imatha kubooka m'miyezi yochepa. Timabowo take timakhala tambiri, nthawi zambiri todera m'mbali. Poyeza, tengani multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, waya wakuda pa negetivi ya batire, wofiira muviike mu kulanti osakhudza chitsulo. Yezani injini ili chete, kenako ikulira, mukuyatsa nyali, fani ndi AC chimodzi ndi chimodzi. Amakaniko ambiri amatenga mavolti opitirira 0.3 ngati chizindikiro cha vuto. Nambala ikadumpha mutayatsa chinthu china, waya wa earth wa chinthucho ndi umene muyambe kuuona. Ikakhala yokwera zonse zili zozima, kulanti watha mphamvu, musintheni.

Onaninso timalabala timene rediyeta imakhalapo. Tikatha, rediyeta imagunda pa chitsulo ndi kupotoka galimoto ikamadutsa m'mabampu, ndipo imayamba kudontha m'makona.

Galimoto yanga ndi ya otomatiki. Pali chosiyana?

Pa galimoto zambiri za otomatiki, mkati mwa thanki imodzi ya rediyeta muli kachipangizo koziziritsa oyilo wa giyabokosi. Muona timapaipi tiwiri tating'ono tolowa mu thankiyo. Pochotsa rediyeta titsekeni kuti fumbi lisalowe, ndipo mukabwezera onani mlingo wa oyilo wa giyabokosi.

Mukapeza kulanti wasanduka phala lapinki, kapena oyilo wa giyabokosi wachita thovu loyera, kachipangizoko kabooka mkati. Pamenepo palibe chomata. Musayendetse galimoto, chifukwa kulanti amawononga makilatchi a mu giyabokosi. Rediyeta isinthidwe, ndipo njira zonse ziwiri zitsukidwe.

Kulanti wakale ndimutaye kuti?

Mukhuthulireni m'beseni, kenako m'chigubu chotseka, cholembedwa, chosakhala cha zakumwa. Kulanti wambiri amapangidwa ndi ethylene glycol, amene amakoma motsekemera koma ndi poizoni wowononga impso. Agalu ndi amphaka amanyambita wotayikira pansi, ndipo mwana akhoza kumuyesa chakumwa chifukwa cha mtundu wake. Wotayika mupukuteni nthawi yomweyo n'kutsukapo. Musamuthire m'ngalande, pafupi ndi chitsime kapena m'munda. Mupititseni ku galaja kapena kumalo olandira oyilo wakale. Munthu kapena chiweto chikamwa, thamangirani kuchipatala osadikira kuti zizindikiro zioneke.